Goli Lidadutsa pa Muloza

Loweruka lina m'nyengo ya dzinja, ndikuchokera ku msika wa Limbuli, mvula idanditsekereza pakhonde la kanyumba kena koonetseramo kanema pafupi ndi chipata cha Muloza. Ndipo popeza chitseko sichidatsekeke bwino, ndidasuzumira m'katimo n'kuona khamu la anyamata, ena a iwo adzukulu a anthu amene ndidawaphunzitsa kugwira pensulo, ali duu, maso onse ali pa achifwamba a panyanja, amuna a zipewa zazikulu ndi malupanga m'chiuno, amene ankayendetsa mnzawo womangidwa manja pa thabwa lotulukira kunja kwa chombo. Munthuyo atagwera m'madzi, nyumba yonse idawomba m'manja ndi kuimba likhweru, monga achitira anthu timu yakwawo ikagoletsa chigoli.

Anawo sindiwaimba mlandu, pakuti chilonda cha mwini sichiwawa, ndipo amene adakonza kanemayo adafuna kuti iwo aseke. Koma njira yonse ya kunyumba ndidayenda ndikusinkhasinkha kuti nthaka imene kanyumbako kaimapo idapondedwa ndi achifwamba enieni, amene sadasowe chombo kapena nyanja kuti achite zimene adachita. Ndi kuti mwa anyamata onse aja mwina padalibe ndi mmodzi yemwe amene akadatha kundiuza kuti goli, lisanakhale la ng'ombe za pangolo, lidali la yani.

Tiyambe ndi a panyanjawo, pakuti ngakhale dziko lathu lilibe gombe la nyanja ya mchere, iwo sadali kutali monga tiyesera: chilumba cha Sainte-Marie cha ku Madagascar, m'nyanja yomweyo imene madzi a Muloza amakatsirako atadzera mu Ruo, mu Shire ndi mu Zambezi, chidali phanga lawo lalikulu m'zaka za m'ma 1690. Za thabwa lija la m'kanema, odziwa mbiri yakale amati sizinkachitika kawirikawiri. Zimene zinkachitika kawirikawiri n'zoipa koposa. Anthu a Henry Morgan, polanda mzinda wa Portobelo mu 1668, ankakulunga chingwe pamphumi pa mkaidi ndi kuchipota ndi kamtengo kufikira maso atatong'oka, kuti aulule kumene adabisa chuma chake. Ena ankamangirira zingwe zonyeka pang'onopang'ono pakati pa zala za munthu, kuti moto udye mnofu kufikira pafupa. Mnzawo akawalakwira ankamsiya yekha pa kachilumba kopanda mthunzi ndi chitsime, atampatsa botolo la madzi ndi mfuti, kuti ludzu likamkulira adziweruze yekha. Ndipo buku lina la mu 1724 limasimba za Edward Low, amene atamva kuti kapitawo wa chombo cha Apwitikizi waponya thumba la ndalama za golide m'nyanja kuti zisalandidwe, adamdula milomo, naiwotcha mwiniwake akupenya, kenaka napha iye ndi onse a m'chombomo.

Munthu akamva zotere amafulumira kunena kuti amenewa adali amisala, kapena zilombo zovala khungu la munthu. Koma ine ndikuti iai, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse. Nkhanza zawo zidali malonda, zowerengedwa bwino monga wogulitsa nsomba awerengera phindu lake. Chigawenga cha panyanja sichinkafuna nkhondo, pakuti nkhondo imaboola chombo ndi kumiza katundu. Chinkafuna kuti amalonda akangoona mbendera yakuda mawondo agwedezeke, natsitse matanga popanda kuwomba mfuti ndi imodzi yomwe. Chifukwa chake ankazunza mmodzi pamaso pa onse, ndi kulola ena kuti apulumuke akasimbe kumadoko zimene adaona, kuti mantha atsogole ngati mthenga, nawagwirire ntchito kumene lupanga lawo silidafike.

Ndiponso tisaganize kuti malire a pakati pa chigawenga ndi munthu wa lamulo adali ooneka ngati mtsinje wathu uno. William Kidd adampachika ku London mu 1701, mtembo wake nauika m'khola lachitsulo pamphepete pa mtsinje wa Thames kuti uwole anthu akuona. Koma Morgan uja wopota zingwe pamitu ya anthu, mfumu ya ku Mangalande idampatsa ulemu wa Sir, nimuika kukhala wachiwiri kwa bwanamkubwa wa Jamaica. Mu January 1722 Bartholomew Roberts adatentha chombo chotchedwa Porcupine padoko la Whydah, m'dziko limene lero ndi Benin, chifukwa kapitawo wake adakana kupereka dipo, m'katimo muli akapolo pafupifupi 80 omangidwa awiriawiri pa unyolo, kotero kuti wothawa moto ankagwera m'kamwa mwa nsomba zolusa. Ameneyo dziko lonse lidamutcha wachifwamba. Koma mu 1781 amalinyero a chombo cha Zong, chimene chinkayenda ndi makalata onse a boma, adaponya m'nyanja akapolo amoyo oposa 130 kuti eni chombo akalandire ndalama za inshulansi, ndipo mlandu umene udazengedwa ku London sudali wa kupha anthu, udali wa kutayika kwa katundu. Mu December 1794 chombo cha São José, chochokera pa chilumba cha Mozambique ndi akapolo oposa 500 kupita ku Brazil, chidasweka pamiyala pafupi ndi Cape Town. Anthu oposa 200 adamira, ndipo amene adapulumuka adawagulitsa pamtunda pomwepo. Adagwidwa m'midzi ya kumtunda kwa dziko limene ife tigawana nalo mtsinje, msika ndi maliro.

Tsono tibwere kwathu. Kuyambira cha m'ma 1850 ndi 1860, pamene Ayao, nawonso atapirikitsidwa ndi nkhondo ndi njala kwawo kum'mawa kwa nyanja, adalowa m'mapiri a Shire ndi kukhazikika pakati pa Amang'anja, phiri la Mulanje lidasanduka mphambano ya malonda a minyanga ndi anthu. Njira ina inkadzera pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, ina inkazungulira kuno kumwera kwa phiri, ndipo zonse zinkaloza ku Quelimane, ulendo wa makilomita oposa 300 wapansi. Mafumu amene ankasunga njirazi mayina awo adalembedwa: Matipwiri, amene adali kufupi ndi malire ano, Mkanda, Chikumbu ndi ena. Chimene chinkabwera kuchokera kugombe chidali nsalu, mikanda, mfuti za gogodera ndi onga; ndipo mfumu imene idalibe onga inkadziwa kuti mawa idzakhala katundu wa mfumu imene ili nawo.

Chida cha malondawa chidali goli. Ankadula mtengo waphanda, wotalika ngati mamita awiri, wolemera wakuti mwamuna wamphamvu atope nawo, nalowetsa khosi la munthu paphandapo, natseka ndi chitsulo chokhomerera mbali zonse, kotero kuti munthuyo sakadatha kuuvula masana kapena usiku, kaya pakudya, kaya pogona, kaya popita kuthengo. Pa ulendo ankalumikiza magoli awiriawiri, kapena wa m'mbuyo ankasenza tsinde la goli la mnzake wa patsogolo. Mmodzi akapunthwa onse awiri ankatsamwa, ndipo khungu la pakhosi likanyuka, ntchentche zinkatsata chilondacho kufikira kugombe. Akazi ndi ana ankawamanga ndi zingwe m'chiuno kapena m'khosi, atawasenzetsa katundu pamutu. Ife amene timamva liwu ili m'tchalitchi, pamene Malembo anena za magoli a ukapolo ndi za kuwathyola, tiyenera kudziwa kuti makolo athu oyamba kumva mawuwo m'chinenero chawo sadafunikire mlaliki wowamasulira: ena a iwo adali ndi zipsera zake pakhosi.

Pa 16 July 1861, pamudzi wa Mbame, David Livingstone ndi amishoni a Bishopu Charles Mackenzie adakumana ndi ulendo wotere wolowera ku Tete. Oyendetsa ake adathawira m'tchire, ndipo anthu 84 adamasulidwa, magoli awo atachekedwa ndi sowo. Zimene anthuwo adasimba tsiku limenelo n'zofunika kuti mwana aliyense wa sukulu m'boma la Mulanje azidziwe: kuti akazi awiri adawomberedwa dzulo lake chifukwa adayesa kumasula zingwe, ena onse nauzidwa kuti zachitika kuti pasapezeke wina woyesanso, kuti mayi wina adamphera khanda lake pomuphwanya mutu, chifukwa sakadatha kunyamula mwana ndi katundu pamodzi, ndi kuti mwamuna wina amene adafooka ndi kutopa adamtema ndi nkhwangwa. Taonani mmene nzeru ya Edward Low ikupezekera pano, pamtunda, pakati pa anthu amene dzina lake sadalimvepo. Wofooka sankamsiya kuti apume nabwerere kwawo, chifukwa akadatero mawa lake onse akadafooka. Ankamupha kapena kummangirira kumtengo kuti afisi amalize, kuti otsalawo ayende. Livingstone adayerekeza kuti mwa anthu asanu amene malondawa adawakhudza, wofika kwa wogula sankaposa mmodzi. Ena onse ankathera m'nkhondo, m'njira ndi m'njala yotsatira midzi yotenthedwa. Mackenzie mwiniwake adamwalira ndi malungo mu January 1862 pafupi ndi pamene Ruo atsira mu Shire, ndipo chaka chotsatira mitembo inkayandama mu Shire chifukwa cha chilala ndi zifwamba za Mariano, amene anthu adamutcha Matekenya.

Agogo anga aakazi, amene adamva kwa amayi awo, sankadziwa zaka izi kapena mayina a azunguwa, koma ankasimba zinthu zimene m'mabuku mulibe. Ankati m'masiku a chifwamba anthu ankalima wina ataimirira pachulu kuyang'ana kumene kungatulukire adani. Kuti moto ankasonkha usiku wokha ndi m'kati mwa mapanga, kuopa utsi. Kuti mayi wobisala m'bango ankakanikiza kamwa la mwana pabere, ndipo kudali amayi amene adatuluka m'bangomo adani atapita n'kupeza kuti mwana wasiya kupuma. Koma chimene ankachinena motsitsa mawu, atayamba ayang'ana kukhomo, chidali chakuti si onse amene adagwidwa ndi alendo. Ena adaperekedwa ndi atsibweni awo kulipira mlandu. Ena adasinthanitsidwa ndi dengu la chimanga m'chaka cha njala. Wina adanamiziridwa ufiti chifukwa mfumu inkafuna nsalu. Monga Yosefe, ambiri adagulitsidwa ndi ana a bambo awo. Ndili mwana nkhanizi zinkandiopsa chabe, koma mawu a akulu akoma akagonera.

Kunyanja kwathu nakonso kudali zombo za chifwamba. Jumbe wa ku Nkhotakota ankaolotsa akapolo pa zombo za matanga kupita kutsidya la kum'mawa, ulendo wa ku Kilwa. Mfumu Makanjira nayo idali ndi zombo zake, ndipo Kaputeni Cecil Maguire adaphedwa mu December 1891 pamene ankayesa kuziwononga. Ku Karonga, anthu a Mlozi, wogulitsa akapolo, mu 1887 adatentha bango la pa Kambwe mmene Ankhonde adabisalamo, othawa moto nakumana ndi mfuti kapena ng'ona, monga zidachitikira pa Porcupine. Mlozi adapachikidwa mu December 1895.

Kuno ku Mulanje, nkhondo yoyamba ya boma la atsamunda la Harry Johnston idali yolimbana ndi Chikumbu mu 1891. Mu 1893 adamanga malinga awiri, Fort Lister pampata uja ndi Fort Anderson, namuikamo asilikali a Chisiki ochokera ku India. Ndipo mu 1895 Matipwiri adagonjetsedwa, njira ya ku Quelimane nitsekeka. Pa Fort Lister pali manda a mzungu wina wa boma, Gilbert Stevenson, msuweni wa Robert Louis Stevenson, mlembi wa Treasure Island, buku la mu 1883 limene lidathandiza koposa ena onse kuveka achifwamba a panyanja chovala chokongola chimene anyamata aja ankachiwombera m'manja. Mzunguyo dzina lake lili pamwala. Koma zikwi za anthu amene adadutsa pampata womwewo goli lili m'khosi, ndi amene adatsala m'njira, palibe mwala ndi umodzi womwe wowatchula.

Sindifuna kuti wina andimve ngati ndikuti nkhanza zidali za wakuda, chifundo chidali cha mzungu. Kutseka njira ya akapolo kudali chinthu chabwino, ndipo ndichinena popanda kuchotserapo kanthu. Koma chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Pa mishoni ya Blantyre, mu 1879, munthu wina adakwapulidwa mpaka kufa, wina adawomberedwa ndi mfuti atazengedwa mlandu pa mishonipo, kufikira mlendo wina, Andrew Chirnside, adaulula zimenezi mu 1880, mpingo wa ku Scotland nuchotsa ntchito mtsogoleri wa mishoniyo, Duff MacDonald, ndi anzake. Kutsidya kwa Muloza, Apwitikizi adali ndi mbalamatodya, thabwa la zibowo lomenyera m'manja kufikira zikhatho zitatupa ndi kuphulika. Ndipo Alhomwe amene adayamba kuoloka mwaunyinji kuyambira m'ma 1890, kuthawa msonkho, ntchito yokakamiza ndi thabwa limenelo, adafikira m'minda ya azungu ya kuno, mmene adapeza thangata ndi chikoti cha chikopa cha mvuu zikuwadikira. Goli lamtengo lidatha, koma nzeru yake, yakuti zunza mmodzi kuti zana limvere, idangosintha mwini.

Madzi saiwala khwawa. Ife amene tidali akuluakulu mu 1986, pamene asilikali a Renamo adalanda tauni ya Milange, tidaona ndi maso athu khamu la anthu likuoloka Muloza, mitolo pamutu, ana kumsana, ena atavala masaka ndi makungwa a mitengo chifukwa zovala adalandidwa. M'nkhondo imeneyo mudali anthu odulidwa makutu, mphuno ndi milomo, amene adasiyidwa amoyo dala kuti nkhope zawo zikhale kalata yopita kumidzi ina. Mudali anthu osenzetsedwa katundu wolandidwa masiku ambiri, wofooka naphedwa panjira. Robert Gersony, amene adafunsa othawa nkhondo m'misasa nalemba lipoti lake mu April 1988, adayerekeza kuti anthu wamba ophedwa ndi Renamo adafika 100,000. Ndipo asilikali a boma la Frelimo nawonso manja awo sadali oyera. Pofika 1992, pamene mtendere udasainidwa ku Rome, dziko lathu laling'onoli linkasunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi. Tidawalandira, tidagawana nawo minda ndi zitsime, ndipo pa chimenecho Muloza akhoza kuyenda mutu uli m'mwamba. Koma amene adadula milomo ija sadachokere kunyanja za kutali; ambiri adali anyamata a m'midzi ngati yathu, olankhula zinenero zathu, ena a iwo ogwidwa mokakamiza ali ana ndi kuphunzitsidwa kupha.

Ndipo kuti tisadzitame kuti zoterezi n'za kutsidya, tikumbuke September ndi October wa 2017, pamene mphekesera za anamapopa zidabuka m'boma lathu lino, nizifalikira ku Phalombe, ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka ku Blantyre, ndipo anthu osachepera 8 adaphedwa ndi makamu, ena ndi miyala, ena ndi moto, popanda bwalo, popanda mboni, popanda ndi dontho limodzi la magazi opopedwa limene wina adaonetsa. Tikumbuke kuti mpaka lero woganiziridwa kuba njinga kapena mbuzi amatha kumuveka tayala m'khosi, ndipo mukafunsa amene adatola mwala adzakuyankhani kuti tikufuna ena atengerepo phunziro. Amenewo ndi mawu a mwini ulendo wa pa Mbame. Tayala lija ndi goli. Ndipo ana amene amaimirira m'mphepete kuonerera akuphunzira kuti munthu akhoza kusandutsidwa chikwangwani chochenjezera anzake. Kugulitsa anthu nakonso sikudathe, chifukwa chake Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loletsa mchitidwewu mu 2015. Masiku ano wogula anthu sabwera ndi mfuti, amabwera ndi lonjezo la ntchito kuminda ya kutali kapena m'nyumba za ku Johannesburg, ndipo nthawi zambiri wolandira ndalama yoyamba amakhala mbale.

Ndidziwa chimene ena adzanena, pakuti ndidachimva kale kwa anthu amene ndimawalemekeza. Adzati, kufukula zimenezi n'kutokosa chilonda chimene chidapola; Ayao, Amang'anja ndi Alhomwe lero adakwatirana, amapemphera moyandikana, ali ndi adzukulu amodzi, ndipo mafumu a mayina aja ali ndi zidzukulu zimene zikulamulira mwamtendere ndi mwaulemu; nanga n'chifukwa chiyani tipatse achinyamata mwala woti agendere anzawo? Nkhawa imeneyi si yopusa, ndipo m'dziko limene andale amadziwa kukolezera moto wa mitundu, munthu ayenera kuyenda mosamala ngati wosenza mtsuko pamatope. Koma ndiyankha kuti chilonda chimene chapola pamwamba mafinya ali m'kati ndicho chimadula mwendo. Mbiri yonenedwa theka ndiyo imabala chidani, chifukwa mtundu uliwonse umasunga theka limene umaoneka wolakwiridwa. Koma mbiri yonenedwa yonse imachititsa manyazi aliyense mofanana, ndipo manyazi otere ndi mankhwala. Yonse imati Ayao amene adagwira anzawo adali atathamangitsidwa kwawo, ndipo Ayao ambiri nawonso adavala goli. Imati mafumu ena a Amang'anja adagulitsa anthu awo. Imati wogula adali Mwarabu, Mswahili, Mpwitikizi, Mfalansa ndi mwini munda wa ku Brazil. Imati womasula uja adadza ndi chikoti chake. Palibe mwana wa lero amene ayenera kusenza mlandu wa agogo ake, pakuti mneneri Ezekieli adaletsa kale zimenezo. Koma mwana aliyense ayenera kudziwa chimene mtima wa munthu ukhoza kuchita pamene mantha ndi phindu zagwirizana, kuti akachiona chikudza achizindikire chikadali patali.

Enanso adzati, nanga ana tiwauze zoopsa zotere? Anawo akuona kale zoopsa, tsiku ndi tsiku, m'tinyumba ta kanema ndi pa mafoni, mmene makanema a anthu otenthedwa amayenda pa WhatsApp kuposa uthenga wa maliro. Chimene sakuona ndi munthu wamkulu wokhala nawo pansi kuwauza kuti womangidwayo adali ndi dzina, adali ndi amake, ndipo mwina adali wa fuko lawo. Nkhanza yoonetsedwa popanda womasulira imasanduka masewera. Yofotokozedwa ndi munthu wachisoni imabala chifundo.

Chifukwa chake ndipempha, mwaulemu wonse, a nthambi ya boma yosunga zakale, akuluakulu a makhonsolo a Mulanje ndi Phalombe, mafumu athu, ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti pamodzi, kuti ayang'anenso Fort Lister. Malowa ali kale pa mndandanda umene dziko lathu lidapereka ku UNESCO mu 2011 wa njira za akapolo, koma mndandanda suletsa mvula kugumula khoma, ndipo sutengera mwana wa ku Muloza kukaona. Pakhale chaka ndi chaka ulendo wa ana a sukulu, ndi tsiku limodzi limene shehe ndi mbusa adzaima pampata uja kupempherera amene adafera m'njira, pakuti anthu amenewo sadaliridwe maliro, ndipo mwazi wawo, monga wa Abele, sudaleke kufuula m'nthaka. Aphunzitsi a mbiri atume ophunzira kwa agogo awo ndi kope ndi cholembera, nkhalamba zimene zidamva kwa amene adaona zisanathe. Alembenso za 1986, pakuti mboni zake zikali moyo, zikugulitsa nafe pamsika wa Limbuli. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ndipo pano pa Muloza, pafupi ndi mlatho pamene akabaza amadikira anthu ochokera ku Milange, ndikadakonda kuona kanyumba kakang'ono, ngakhale ka chipinda chimodzi, kokhala ndi mapu a njira ya ku Quelimane pakhoma, ndi goli losemedwa ndi mmisiri wa kwathu mwa muyeso wake weniweni, mtengo wake, kulemera kwake ndi chitsulo chake. Lisakhale lotsekeredwa m'galasi, koma loikidwa poti munthu alikhudze. Ndikadapita ine ndemwe kukaitana anyamata a m'kanyumba ka kanema kaja, ndi kuwapempha kuti mmodzimmodzi alinyamule paphewa, ayende nalo kuchokera pakhomo kukafika pamtsinje ndi kubwerera. Kenaka ndikadawaonetsa pamapupo kuti kuchokera pamene aimapo kukafika ku Quelimane kwatsala makilomita oposa 300.